Mafunso ndi Mayankho: Ndagi za Professor Layton pa Nintendo DS

Mwa makalata amene afika ku danga lino m'masabata apitawa, angapo akukhudza gemu imodzi yakale ndithu, Professor Layton and the Curious Village, imene imaseweredwa pa kachipangizo ka m'manja kotchedwa Nintendo DS. Ena mwa olembawo ndi makolo, ena ndi osewera amene akakamira pakati pa ulendo, ndipo mmodzi walemba ali wopsa mtima. Makalatawo tawafupikitsa, koma mfundo zake sitinazisinthe.

Akonzi, mwana wanga wa zaka 10 analandira Nintendo DS yakale kuchokera kwa malume ake, ndipo m'kati mwake munali gemu ya Professor Layton. Ndikamuyang'ana sindimuona akuwombera kapena kuthamangitsa galimoto. Amangokhala duu n'kumagogoda sikirini ndi kandodo, nthawi zina n'kumalemba manambala papepala. Kodi imeneyi ndi gemu yamtundu wanji, ndipo ndi yoyenera mwana wa msinkhu wake? — Mayi wa ana atatu

Mayi, mtima wanu ukhale m'malo, pakuti zimene mukuonazo ndiwo maseweredwe ake. Gemuyi inapangidwa ndi kampani ya ku Japan yotchedwa Level-5, imene ili mumzinda wa Fukuoka ndipo inakhazikitsidwa ndi Akihiro Hino m'chaka cha 1998. Ku Japan inatuluka mu February 2007, ndipo ku America ndi ku Ulaya inafika m'chaka cha 2008. Nkhani yake ndi ya Hershel Layton, mphunzitsi wa payunivesite ku London amene amafufuza zinthu zakale zokwiririka m'nthaka, munthu waulemu kwambiri amene chipewa chake chachitali sichichoka kumutu, pamodzi ndi kamnyamata kotchedwa Luke kamene kamayenda naye pofuna kuphunzira luso lake. Awiriwa amalandira kalata yowaitanira ku mudzi wa St. Mystere, kumene munthu wina wolemera, Baron Reinhold, wamwalira atalemba kuti chuma chake chonse chidzakhala cha amene adzapeze chinthu chotchedwa Golden Apple, chimene palibe akudziwa kuti n'chiyani kapena chabisidwa kuti. Atangolowa m'mudzimo njira yotulukira imatsekeka, mbiri imamveka yakuti anthu akumasowa usiku, ndipo m'mudzimo muli nsanja yaitali imene anthu ake safuna n'komwe kuitchula.

Nintendo DS ili ndi masikirini awiri. Wosewera akamayendayenda m'mudzimo, yapamwamba imaonetsa mapu, pamene yapansi, imene imamva kukhudzidwa, imaonetsa msewu kapena chipinda chimene iye wafikamo. Ndi kandodo kaja amagogoda munthu kuti alankhule naye, amagogoda chitseko kuti alowe, amagogoda nyali kapena mbiya kuti aone ngati pabisika kanthu. Chodabwitsa cha mudziwu n'chakuti pafupifupi aliyense amene mwakumana naye amakuponyerani ndagi asanakuuzeni zimene mukufuna. M'nkhani yeniyeniyo muli ndagi 120, ndipo pali zina 15 zovuta kwambiri zimene zimatsegukira okhawo amene akwaniritsa ntchito zina zapadera, kutanthauza kuti zonse pamodzi ndi 135. Zina ndi za masamu, zina ndi zosuntha timatabwa kapena timitengo ta machesi, zina ndi zopeza amene akunama pakati pa anthu angapo, ndipo zina ndi misampha ya mawu. Si zonse zimene zili zokakamiza, koma pali malo ena amene munthu sangadutse asanamasule chiwerengero chinachake cha ndagi.

Kunena chilungamo, m'gemu yoyambayi nkhani ndi ndagi sizilukana bwino nthawi zonse. Mukhoza kukhala mukuthamangitsa mphaka wa mkazi wa malemuyo amene wathawa m'nyumba, munthu n'kukuimitsani pamsewu kuti muyambe mwamuuza nthawi zimene wotchi imaonetsa manambala ofanana motsatizana. Poyamba zimenezi zimaseketsa, kenako zimatopetsa pang'ono. Komabe olemba nkhaniyi anali ochenjera, chifukwa kumapeto amafotokoza chimene chimachititsa anthu a m'mudzimo kukonda ndagi chotere, ndipo chifukwa chakecho ndi mbali ya chinsinsi chachikulu cha mudziwo. Sindichiulula pano poopa kumulanda mwana wanu chimwemwe chake.

Pa za msinkhu, bungwe la ESRB, limene limaika magemu m'magulu ku America, linaika gemuyi m'gulu la E, loyenera aliyense. M'nkhanimo mumamveka za imfa ndipo wapolisi amabwera kudzafufuza, koma mulibe magazi kapena zoopsa zimene zingamulepheretse mwana kugona. Chimene chingamuvute n'china: gemuyi ndi yowerenga kwambiri, ndipo ndagi zambiri zimadalira kumvetsa liwu lililonse la funso m'Chingerezi. Mwana wa zaka 10 akhoza kukanika osati chifukwa choti nzeru zamuchepera, koma chifukwa choti chiganizo chimodzi sanachimve bwino. Ngati nthawi ilipo, khalani naye pafupi, muziwerengera limodzi funso, koma yankho muzimusiyira. Ndikuchenjezeni kuti makolo ambiri amene amayamba n'kuthandiza amathera pa kukana kubweza kachipangizoko.

Achimwene, ndakakamira pa ndagi ya mimbulu itatu ndi anapiye atatu amene ayenera kuwoloka mtsinje. Kachombo kamanyamula nyama zosapitirira ziwiri, sikayenda kopanda nyama, ndipo mimbulu ikachuluka kuposa anapiye kutsidya lililonse imawadya. Ndayesa njira zonse koma anapiye akungodyedwa. Timakobidi togulira malangizo ndinatha kale. Kodi ndingoyang'ana yankho pa intaneti? — Wosewera wotopa

Musafulumire, achimwene, pakuti mwina mwatsala ndi sitepe imodzi yokha, ndipo ndikuganiza kuti ndikudziwa pamene mukugwera. Ndagi imeneyi imatheka ndi maulendo 11, kuwerengera opita ndi obwerera. Maulendo anayi oyamba ndi a mimbulu yokhayokha: iwiri ipite, umodzi ubwerere, iwiri ipitenso, umodzi ubwererenso. Pa ulendo wachisanu anapiye awiri awoloke. Tsopano imani kaye muone mmene zinthu zilili. Kutsidya lino kwatsala mmbulu umodzi ndi mwanapiye mmodzi, pamene kutsidya linalo kuli mimbulu iwiri, anapiye awiri ndi kachombo. Mukabweza mmbulu wokha, kuno kukhala mimbulu iwiri pa mwanapiye mmodzi, ndipo adyedwa. Mukabweza mwanapiye yekha, mnzake wotsala uko akhala pakati pa mimbulu iwiri, ndipo nayenso adyedwa. Anthu ambiri akafika pamenepa amaganiza kuti asokera kale, n'kuyambiranso, chonsecho anali panjira yoyenera. Chimene chimawatseka m'maso n'chakuti m'mutu mwawo anadziikira okha lamulo limene funso silinanene, lakuti pobwerera kachombo kazinyamula nyama imodzi, chifukwa kubweza ziwiri kumaoneka ngati kugwetsa zimene wamanga. Koma ulendo wachisanu ndi chimodzi ndi wa nyama ziwiri, mmbulu ndi mwanapiye. Maulendo asanu otsalawo ndakusiyirani, ndipo muona kuti akufanana ndi asanu oyamba mutawatembenuza.

Ndagi zowolotsa mtsinje ndi zakale kwambiri kuposa makompyuta. Cha m'ma 800, m'nthawi ya mfumu Charlemagne, kunalembedwa mndandanda wa mafunso onolera nzeru za achinyamata umene akatswiri amati ndi wa Alcuin wa ku York, ndipo m'menemo muli kale funso la munthu wofuna kuwolotsa mmbulu, mbuzi ndi kabichi. Nalonso limatheka pokhapokha munthu atavomera kubwerera ndi mbuzi imene anaiwolotsa kale.

Popeza patsogolo mukumana ndi ndagi yothira zamadzimadzi m'mitsuko, ndikupatsireni malangizo aulere. Muli ndi mtsuko wodzaza wa miyeso 8, ndi ina iwiri yopanda kanthu ya miyeso 5 ndi 3, ndipo mukufuna kugawa pakati kuti 4 ikhale uku, 4 uko. Musamathire mwachisawawa. Tengani pepala, muzilemba manambala atatu pambuyo pa kuthira kulikonse, kuyambira 8, 0, 0, kuti muzidziwa msanga mukabwerera pamene munafika kale. Kenako tsatani mbali imodzi yokha: kuchokera mu waukulu kupita mu wapakati, mu wapakati kupita mu waung'ono, mu waung'ono kubwerera mu waukulu. Mukatero mufika pa 4 ndi 4 mutathira maulendo 7.

Za timakobidi, dziwani kuti ndagi iliyonse ili ndi malangizo atatu, ndipo lililonse limagulidwa ndi kakobidi kamodzi. Timakobidito timabisika m'zithunzi za misewu ndi zipinda, choncho bwererani m'malo amene munadutsa mothamanga n'kumagogoda mazenera, mapaipi a utsi, nyali ndi maluwa. Tili ndi malire, sitibwereranso tikagwiritsidwa ntchito, ndipo sitingakwane kugula malangizo onse a m'gemu. Apa ndi pamene ongoyamba kumene amalakwitsa powerengera. Iwo amaopa kupereka yankho lolakwa chifukwa limachepetsa mapointi otchedwa picarat, ndiye amathamangira kugula malangizo pa ndagi zosavuta za koyambirira. Koma kutsika kwa mapointiwo kuli ndi polekezera, ndipo ntchito yake ndi kungotsegula zinthu zowonjezera monga zithunzi ndi nyimbo munthu akamaliza nkhani. Kakobidi ndiye kamene mudzakafune kumapeto, ndagi zikadzafika polimba. Ndipo ngati ndagi si yokakamiza, isiyeni mupitirize ulendo. Zimene zakudutsani nkhani itapita patsogolo sizitayika, zimakasungidwa ku kanyumba ka gogo wina wa m'mudzimo, Granny Riddleton, kumene mungakazipeze mutu utapuma.

Kuyang'ana pa intaneti palibe amene angakuletseni, koma gemu imeneyi ilibe china chimene imagulitsa kupatula mphindi imene yankho limatulukira m'mutu mwanu. Kukopera yankho kuli ngati kutuma munthu wina kuti akakudyereni chakudya.

Akonzi, gemu iyi ndi yachinyengo. Yandifunsa kuti: makandulo 10 akuyaka m'chipinda, mphepo yalowa pazenera n'kuzimitsa awiri, kenako yazimitsanso imodzi, ndipo mwini nyumba watseka zenera kuti ena asazime. Kodi pamapeto pake atsala makandulo angati? Ine ndinalemba 7, masamu a mwana wa sitandade 1, koma yandiuza kuti ndalakwa. Kodi opanga gemuyi sadziwa kuchotsera? — Bambo wokhumudwa

Bambo, kuchotsera amadziwa, ndipo inunso mwachotsera bwino, koma mwayankha funso limene simunafunsidwe. Amene sanafike pa ndagiyi alumphe ndime ino. Funso silikufuna makandulo amene akuyaka pamene zenera latsekedwa, likufuna amene atsale pamapeto pake. Makandulo 7 amene sanazime apitiriza kuyaka mpaka asungunuke n'kutheratu. Otsala ndi atatu aja amene mphepo inawazimitsa. Yankho ndi 3.

Kuti mumvetse chifukwa chake gemuyi ili ndi mafunso otere, muyenera kudziwa kumene anachokera. Amene ankayang'anira ndagi zake ndi Akira Tago, katswiri wa maphunziro a maganizo a munthu amene anaphunzitsa pa yunivesite ya Chiba, ndipo anamwalira m'chaka cha 2016. Kuyambira 1966 iye ankatulutsa mabuku a ndagi otchedwa Atama no Taisō amene anagulidwa kwambiri ku Japan, ndipo Akihiro Hino anali mmodzi mwa amene anakula akuwawerenga. Chidwi cha Tago sichinali pa kuyesa ngati munthu amatha kuwerengera. Chinali pa kuonetsa mmene maganizo amathamangira njira imene anaizolowera. Munthu akaona manambala 10, 2 ndi 1 pamodzi ndi mawu akuti "atsala angati", dzanja limayamba kuchotsera mutu usanaganizire n'komwe kuti kandulo ndi chinthu chimene chimatha chikamayaka. Msamphawo sanautche m'funso mokha, mbali ina munautcha nokha.

Komabe sindikufuna kuikira kumbuyo funso lililonse la m'gemuyi, pakuti kudandaula kwanu kuli ndi pake. Kwa ine msampha wachilungamo ndi umene ukamva yankho umadzimenya pamphumi n'kuvomera kuti zonse zinali m'funsomo, ndipo wa makandulowu ndi wotero. Koma ilipo ina imene yankho lake limadalira kamvedwe kamodzi ka mawu amene akhoza kumveka pawiri, ndipo munthu akalimva amangokweza mapewa. Vutoli limakula chifukwa gemuyi inachita kumasuliridwa kuchokera m'Chijapani. Ndagi zina zimene zinkadalira zilembo ndi mawu a Chijapani zinachotsedwa n'kuikapo zina, ndipo ngakhale pakati pa gemu yogulitsidwa ku America ndi ya ku Ulaya pali ndagi zingapo zosiyana. N'chifukwa chake anthu awiri akhoza kukangana za ndagi ya nambala imodzi, pamene aliyense akunena funso lakelake.

Pali zizindikiro ziwiri zimene zingakuthandizeni kununkhiza msampha. Ngati funso likuoneka losavuta mopitirira muyeso, liwerengeninso pang'onopang'ono, makamaka chiganizo chomaliza. Ngatinso mukuona kuti likufuna masamu aatali kwambiri, ochulukitsa kambirimbiri mpaka pepala kudzaza, imani, chifukwa kawirikawiri gemuyi sifuna ntchito yotere ndipo penapake pali mfundo imodzi imene ikufafaniza masamu onsewo.

Ndine mphunzitsi wa masamu. Kodi n'zoona kuti magemu otere amawonjezera nzeru? Ndikufuna kudziwa ngati ndingawalimbikitse kwa ophunzira anga. — Mphunzitsi

Aphunzitsi, yankho lake lili pawiri. Nintendo DS ndiyo inatchukitsa maganizo akuti gemu ikhoza kulimbitsa ubongo, makamaka kudzera mu Brain Age, imene inatuluka ku Japan m'chaka cha 2005 ndipo inkagwiritsa ntchito dzina la wasayansi Ryuta Kawashima. Koma m'chaka cha 2010 magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza kafukufuku wotsogoleredwa ndi Adrian Owen mogwirizana ndi BBC, mmene anthu oposa 11,000 anachita masewera olimbitsa ubongo pa kompyuta kwa masabata asanu ndi limodzi. Zotsatira zake zinali zakuti anthuwo anapita patsogolo pa ntchito zimene ankayeserera zokhazo, ndipo panalibe umboni wakuti luso limenelo linafalikira ku ntchito zina zimene sanaziyeserere. Kafukufukuyu sanali wa Professor Layton, koma akutichenjeza kuti tisalonjeze ana kuti akamaliza ndagi 135 ndiye kuti magiredi awo akwera.

Chimene ndingavomereze ndi chochepa koma chenicheni. Ndagi zambiri za m'magemu amenewa ndi masamu odziwika ovala zovala zina, ndipo mphunzitsi akhoza kuzivula pa bolodi. Gemu yachiwiri ili ndi ndagi yosamutsa mulu wa zinthu zosiyana kukula, imene ndi Tower of Hanoi ya Édouard Lucas ya m'chaka cha 1883. Zinthu zitatu zimafuna masitepe 7, zinayi 15, zisanu 31, ndipo wophunzira amene wadzipezera yekha kuti nambala iliyonse ndi kuwirikiza yam'mbuyo n'kuwonjezera 1 waphunzira mfundo yaikulu popanda kuuzidwa dzina lake. Yoyamba ili ndi ndagi yoika mafumukazi a tchesi pa bolodi popanda kudyana, mpaka kufika pa asanu ndi atatu. Phindu limabwera wophunzira akafunsidwa kufotokozera anzake chifukwa chimene yankho lake lilili lolondola, zimene kachipangizoko sikangamufunse.

Ndamva kuti magemu a Layton alipo ambiri. Ndiyambire iti? — Wofuna kuyamba

Pa DS ndi Nintendo 3DS, magemu a Hershel Layton mwiniwake alipo asanu ndi imodzi a nkhani yaikulu. Atatu oyamba ndi Curious Village, Diabolical Box ndi Unwound Future, amene ku Japan anatuluka mu 2007, chakumapeto kwa 2007 komweko, ndi mu 2008. Ku Ulaya yachiwiri imatchedwa Pandora's Box ndipo yachitatu Lost Future, choncho samalani kuti musagule gemu imodzi kawiri. Atatu otsatira amabwerera m'mbuyo kukafotokoza mmene Layton anakumanirana ndi Luke: Last Specter, imene ku Ulaya ndi Spectre's Call, ili pa DS, pamene Miracle Mask ndi Azran Legacy ndi za Nintendo 3DS ndipo sizingasewereke pa DS wamba.

Ena amalangiza kuyambira yachinayi chifukwa ndiyo yoyamba m'nthawi ya nkhani. Ine sindigwirizana nawo. Gemu iliyonse inawonjezera zinthu zofewetsa maseweredwe, monga malo olembapo pamwamba pa ndagi iliyonse amene anabwera m'yachiwiri, ndi langizo lachinayi logulidwa ndi timakobidi tiwiri limene linabwera m'yachitatu. Mukayamba ndi zatsopano, yoyamba idzakuonekerani youma. Komanso Unwound Future, imene kwa ine ndiyo ili ndi nkhani yogwira mtima kuposa zonse, imafuna kuti mukhale mutayenda kale ndi anthu awiriwa kwa nthawi. Tsatani mmene anatulukira.

Ndikalemba nambala pa sikirini, gemu ikumawerenga ina, ndipo ndikagogoda chinthu ikumagwira cha pambali pake. Kandodo kake kanatayika ndiye ndikugwiritsa ntchito bolopeni. Komanso ndagi za mlungu uliwonse za pa intaneti zikukana kubwera. Kodi chawonongeka n'chiyani? — Mtsikana wa kusekondale

Chemwali, choyamba siyani bolopeniyo lero lomwe. Sikirini yapansi ya DS si yofanana ndi ya mafoni a masiku ano, imene imamva khungu la chala. Iyo ili ndi timapepala tiwiri topyapyala tokhala ndi kampata pakati, ndipo imadziwa pamene mwakhudza timapepalato tikagundana chifukwa cha kudinikiza. Kapepala kapamwamba ndi ka pulasitiki kofewa, motero nsonga yachitsulo imakakanda ndipo m'kupita kwa nthawi malo ena amasiya kumva. Pezani kandodo kena ka DS, kapena chinthu chilichonse cha pulasitiki chosathwa ndi chosalala kunsonga.

Kugwira pambali kawirikawiri kumakonzeka. Lowani m'malo osinthira zinthu a kachipangizoko, musankhe za sikirini yokhudza, ndipo kadzakuonetsani tizizindikiro toti mugogode pakati penipeni kuti kadziwenso malire ake. Musanatero, chotsani mofatsa fumbi limene limaunjikana m'mphepete mwa sikirini, chifukwa kachitsotso kopanikizika pamenepo kamakhala ngati chala chachiwiri chimene chikudinikiza nthawi zonse. Polemba yankho, lembani nambala imodzi m'bokosi lake, yaikulu bwino, ndipo muyang'ane imene gemu yawerenga musanatumize, pakuti 1 ndi 7 kapena 0 ndi 6 zimasokonezeka mosavuta.

Za ndagi za mlungu uliwonse, palibe chimene chawonongeka kwa inu. Nintendo inatseka ntchito ya intaneti ya DS, yotchedwa Nintendo Wi-Fi Connection, pa 20 May 2014, ndipo kuyambira pamenepo njira imeneyo kulibenso. Nkhani yonse ndi ndagi 135 zija sizifuna intaneti.

Popeza ambiri akugula zinthuzi zitagwiritsidwapo kale ntchito, ndionjezere ziwiri. DS yoyamba ya 2004 ndi DS Lite ya 2006 zimalandira makhadi a magemu a DS ochokera ku chigawo chilichonse cha dziko, ndipo 3DS nayo imasewera makhadi a DS, koma Nintendo Switch siwalandira. Chachiwiri, makhadi achinyengo alipo ambiri, ndipo vuto lawo lodziwika ndi kutaya zimene munthu wasunga atasewera maola ambiri. Pa khadi lenileni, zilembo zinayi za pakati pa nambala yolembedwa kutsogolo, imene imayamba ndi NTR, zimafanana ndi zilembo zinayi zoyamba za nambala yodindidwa kumbuyo. Amene alibe DS adziwe kuti magemu atatu oyambirira anakonzedwanso kuti aziseweredwa pa mafoni a Android ndi iPhone, kuyambira ndi Curious Village m'chaka cha 2018.

Ndamaliza ma Layton onse a pa DS. Ndinakonda kwambiri mbali yofufuza chinsinsi kuposa masamu. Kodi pali magemu ena a pa kachipangizo komweka amene nkhani ndiyo ili patsogolo? — Wowerenga wa nthawi zonse

Alipo, ndipo m'mawu anu ndikumva chimene Layton sakupatsani mokwanira. M'magemu ake chinsinsi chachikulu amamasula ndi pulofesayo, inu mumangoonerera akuloza chala wolakwa. Ngati mukufuna kuti kuloza chalako kukhale kwanu, yambani ndi Phoenix Wright: Ace Attorney ya kampani ya Capcom, imene inafika pa DS m'chaka cha 2005. Mumakhala loya woteteza munthu woimbidwa mlandu wakupha, mumatolera umboni pamalo amene mlanduwo unachitikira, ndipo m'khoti mumamvetsera mboni chiganizo ndi chiganizo mpaka mutapeza pamene mawu ake akutsutsana ndi chinthu chimene muli nacho m'manja. Mlandu wachisanu unalembedwera DS mwapadera, ndipo m'menemo mumawaza ufa pa sikirini n'kuuzira mpweya pa maikolofoni kuti zidindo za zala zioneke. Amene anaiyambitsa, Shu Takumi, ndi yemwenso anapanga Ghost Trick ya 2010, mmene mumakhala mzimu wa munthu wongophedwa kumene umene umalowa m'zinthu monga ambulera kapena nyali n'kuzisuntha, ndipo umatha kubwerera mphindi zinayi munthu wina asanafe kuti usinthe zimene zinachitika. Mwa magemu onse amene ndatchula, imeneyi ndiyo inalukanitsa bwino ndagi ndi nkhani, chifukwa ndagi iliyonse ndi moyo wa munthu amene mukumudziwa.

Kampani ina ya ku Fukuoka, Cing, imene inagwa m'chaka cha 2010, inasiya magemu awiri oyenera kuwafunafuna. Another Code: Two Memories ya 2005, imene ku America imatchedwa Trace Memory, ndi ya mtsikana wofunafuna bambo ake pachilumba china, ndipo ndagi zake zina zimamasulidwa ndi kachipangizo komweko osati za m'sikirini zokha: pena mumakatseka kuti chidindo cha pamwamba chidinde pansi, pena mumakapinda pang'ono kuti chithunzi cha sikirini imodzi chionekere pa inzake. Hotel Dusk: Room 215 ya 2007 imagwiridwa chopingasa ngati buku lotsegula, ndipo ndi ya wapolisi wakale amene wafika pa hotela ina yakutha ku America m'chaka cha 1979, kumene mlendo aliyense akubisa kanthu. Imayenda pang'onopang'ono ndipo ndi ya makambirano aatali, moti funso lolakwika kwa mlendo likhoza kukuthamangitsitsani pa hotelapo. Dziwani kuti Phoenix Wright, Ghost Trick ndi Hotel Dusk zili m'gulu la T la ESRB, la achinyamata a zaka 13 kupita m'tsogolo, choncho Mayi amene analemba kalata yoyamba ija aziike kaye pambali kufikira mwana wawo atasinkhuka.